Chithunzi Chopanda Msoko

Inu a masiku ano, amene mumangosolola foni m'thumba n'kujambula chilichonse, mbale ya nyemba ndi galu wogona yemwe, sendererani kuno mumve. Kale chithunzi sichinali choseweretsa. Munthu ankayamba wasamba, kudzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, kubwereka jekete kwa mlamu wake, kenaka n'kukaima chilili kutsogolo kwa kamera osapuma. Ndipo pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wopita ku Dedza, wojambula analipo mmodzi yekha, Gelesomu Mtambalika.

Kanyumba kake kantchito kanali kuseri kwa golosale, moyang'anizana ndi nyumba imene ankagona. Chipinda chakumaso chinali chojambuliramo. Munali nsalu yaikulu yopentedwa nyumba yosanja ndi maluwa, mpando wandalema, ndi wailesi yakufa imene anyamata ankainyamula kuti aoneke olemera. Chipinda chamkati chinali chotsukiramo zithunzi. Chinalibe zenera, ming'alu yonse anaimata ndi mapepala, ndipo munkayaka kagetsi kofiira kokha, moti dzuwa lili paliwombo m'menemo munkakhala usiku.

Luso lokha tisamunamizire, munthuyu anali nalo. Ankatenga pensulo yosongoka ngati singano n'kufufuta ziphuphu pankhope ya mkwatibwi. Wamaso olekana ankamuwongola maso. Mkulu wina wa ku Lobi, amene sanavalepo tayi chibadwire, anatuluka pachithunzi atamanga tayi, ndipo akazi ake anachipachika pabalaza mpaka imfa. Koma mawu akuti "basi, chakwana" Gelesomu sankawadziwa. Chithunzi choti wina aliyense akanati chatha, iye ankachiyang'anitsitsa, kupendeketsa mutu, n'kuchibwezanso m'chipinda chamdima. Mkazi wake Esinati, amene ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsewu, ankauza anzake kuti anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi kamera, iye wamng'ono.

Anali ndi ana awiri, mapasa aakazi a msinkhu woyamba sukulu, Ezelina ndi Maligita. Kufanana kwawo kunali kodabwitsa, moti bambo awo omwe ankati akaitana wina, anawo ankaseka kuti aitana wolakwika. Chowasiyanitsa chinali kachipsera pansidze ya Maligita, pamene anagwera pamwala akuphunzira kuyenda.

Azakhali awo a ku Blantyre, kaya anaiwala kuti ana ndi awiri, anatumiza diresi limodzi lokha, lachikasu, la kolala yoyera. Tsiku lina filimu ya ukwati wina itatsala pang'ono, Gelesomu anaitana anawo. Anajambula Ezelina atavala diresilo. Ezelina anavula, Maligita n'kuvala, n'kuima pomwepo.

"Ajambuleni onse pamodzi, inu," anatero Esinati ali pakhomo. "Winayo avale yunifolomu."

"Mapasa osiyana zovala? Chithunzi chotero chituluke m'manja mwa Mtambalika? Dikirani telala asoke linzake."

"Telala wanuyo mwakhala mukumunena kuyambira masika."

"Nanga anawa akuthawira kuti, amake mapasa?"

Mvula itayamba Ezelina anadwala malungo, ndipo sabata isanathe anamwalira.

Kwathu kuno maliro a mapasa ali ndi malamulo ake. Amene anabwera pamodzi ndi mnzake safuna kubwerera yekha, ndiye womwalirayo amachita kumunamiza. Maligita anamutengera kumudzi wina kuti asaone bokosi, namuuza kuti mnzake wapita kutali kukachira. Mkulu wa adzukulu, oika maliro aja, anali bambo Kanjuchi, wokhoma zidebe pamsika, munthu wa mawu ochepa ndi fodya wambiri. Iwowo anathyola mvunguti, chipatso chachitali chija chimalendewera mumtengo, naukulunga m'kansalu kamene Maligita ankafunda, n'kuugoneka m'bokosi pambali pa mtembo. Anawerama n'kunong'ona kuti, "Ezelina, mnzako ndi uyu. Gona naye, usacheuke."

Pochokera kumanda anaitanira makolo aja pambali. "Tamunamiza, ndipo wakhulupirira," anatero. "Tsono inu musamudzutse. Mbale ziwiri musaike pamkeka. Maina awo musawatchule motsatizana. Paliponse pamene pankakhala awiri, pazikhala mmodzi."

Esinati anamva ndipo anasunga. Analira mpaka mawu kusasa, koma kambale ka Ezelina anakapereka kwa anthu, ndipo dzinalo ankalitchulira mumtima mokha. Gelesomu sanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anthu anati ndi mwamuna wolimba mtima, osadziwa kuti chisoni chimene chinakana kutulukira m'maso chinalowa naye m'chipinda chamdima.

Anayamba kudzitsekera m'menemo kuyambira m'mawa. Ofuna kujambulitsa ankagogoda mpaka kutopa. Njinga imene ankayendera m'maukwati inaphwa matayala ili chitsamire kukhoma. Akatuluka ankanunkha mankhwala otsukira zithunzi, zala zili bii, maso ali psuu, ndipo chakudya ankangochitola ngati nkhuku yodwala. Esinati akamasesa pakhomo pa kanyumbako ankapeza tizidutswa ta zithunzi todulidwa ndi lumo, apa kakhutu, apo kakolala, apo kaphazi ka mwana. Mtima unkamuuza, koma pakamwa pankalemera kufunsa.

Masana ena mwamunayo anamuitana. "Amake Maligita, tabwerani muone." Dzina lija lakuti amake mapasa linali litatha tsiku la maliro.

Chithunzicho anachitsamiritsa pampando wandalema, pafupi ndi khomo pamene kuwala kumagwa bwino. Esinati atachiona, anasendera pafupi. Ana ake onse awiri anaima kutsogolo kwa nyumba yosanja ija, madiresi ofanana, mapewa atagundana, atagwirana manja. Zala zinapiringizana bwinobwino, ndipo mthunzi wapansi unali wa ana awiri oima pamodzi. Anawerama kufunafuna pamene analumikiza, anayendetsapo chala, koma msoko panalibe. Chinali chokongola, abale, tisabise. Kwa kanthawi Esinati anaiwala zoti kuli manda, ndipo anangotsala pang'ono kuwakalipira kuti akavule madiresiwo asanawade.

"Ndadula, ndamata, ndajambulanso, ndatsukanso, kambirimbiri," Gelesomu ankalankhula mofulumira ngati woledzera. "Manjawo ndalemba ndekha ndi kaburashi. Taonani zalazo. Pali munthu angadziwe?"

Esinati anadzidzimuka ngati wodzuka kutulo. "Bambo Kanjuchi anati chiyani paja?"

"Kanjuchi amadziwa zidebe ndi makasu. Ili ndi pepala, mayi. Pepala ndi mankhwala basi."

"Anati pamene pankakhala awiri..."

"Ndinawalonjeza ana anga chithunzi!" Mawu a mwamunayo anasweka pakati. "Munandiuza, ine n'kumati telala, telala. Mundilande ichinso?"

Apa m'pamene Esinati akanaching'amba. Ankadziwa bwino lomwe. Koma nkhope ya Ezelina anali asanaione chiikireni maliro, ndipo aka kanali koyamba kuona mwamuna wake akulira. Anangoti, "Ndiye chibiseni. Maligita asachione."

Kuuza waluso kuti abise ntchito yake yopambana zonse n'kutaya malovu. Kutacha Gelesomu anali atachiika mufelemu yagalasi n'kuchipachika pakhoma la chipinda chojambuliramo. Anthu anayamba kubwera kudzangoonerera. Aphunzitsi ena anati ngakhale ku Joni sangapange chotere. Koma amayi achikulire ankati akangosuzumira, ankagwira pakamwa n'kutuluka chafutambuyo, osatsanzika. Ndipo Maligita, pobwera kusukulu, analowa kudzapereka moni kwa bambo ake. Anaima pansi pa chithunzicho nthawi yaitali, kenaka anamwetulira.

"Kani Ezelina wabwerako?" anafunsa.

Zinayamba pang'onopang'ono, tinthu toti ukauza mnzako akuseke. Pogona, Maligita anayamba kusendera kukhoma n'kusiya theka la mphasa lili pululu. Amayi ake akamukokera pakati, m'mawa ankamupezanso kukhoma. Poyenda, dzanja limodzi ankalitambasulira pambali, zala zitapindika, monga amachitira mwana wogwirana ndi mnzake. Esinati atagwira dzanjalo, linali lozizira ngati mtsuko wa madzi, pamene linalo linali lofunda.

"Dzanja ili watani nalo, iwe?"

"Palibe, amayi. Amangogwira zolimba."

Esinati sanafunse kuti ndani.

Kenaka diresi lachikasu lija linasowa m'sutikesi. Esinati anakhuthula zonse pansi, anafunsa ngakhale anansi, koma kiyi wa sutikesiyo ankakhala pamkanda wake m'chiuno. M'chipinda chamdima namo, mbale zotsukiramo zithunzi zinayamba kupezeka m'mawa zili ndi matope pansi. Gelesomu anati ndi chiswe chikugwetsa dothi kudenga. Koma matopewo anali ofiira, a katondo uja amatuluka munthu akakumba dzenje lopitirira msinkhu wake. Anthu amene ankajambulitsa masiku amenewo anayamba kubweza zithunzi. Pa chilichonse, chakumphepete, chapachigongono cha munthu, pankaoneka kachifunga kotuwa. Wina anati ndi banga la mankhwala. Wina atayang'anitsitsa anachisiya patebulo n'kutuluka, ndipo sanabwerenso.

Tsiku lina chisisira, Esinati akulongedza mbatata zotsala, panaima lole yochokera kumpoto. Dalaivala wake anali mlendo, munthu wansangala, wosadziwa aliyense pa Chimbiya. Maligita anakhala pathumba lopanda kanthu chapoteropo, akusewera ndi timiyala.

"Mayi, muli ndi mwayi," anatero dalaivalayo akuthira mbatata m'jumbo. "Kufanana kotereku sindinakuonepo. Mumawasiyanitsa bwanji?"

Esinati anasiya kulongedza. "Mukunena ndani, achimwene?"

"Ana anuwa. Koma wachikasuyo mufulumire naye kuchipatala, sakuoneka bwino. Ndamupatsa moni, wangondiyang'ana."

Amayi ogulitsa nawo anayang'anizana. Wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Dalaivala anayang'ana nkhope zawo, anacheukanso kuthumba kuja, ndipo kuseka kunamuthera pakamwa. Anakwera lole yake n'kunyamuka, mbatata atazisiya pansi.

Madzulo amenewo Esinati anagwada pamaso pa mwamuna wake. "Chotsani chithunzi chija, ndapota nanu."

"Mawa," anatero Gelesomu. "Pali kamodzi kokha koti ndikonze pakolala."

M'bandakucha Esinati anatsegula chitseko kuti asese. Pakhonde, pakati penipeni pa khomo, panali chinthu chachitali chokulungidwa m'kansalu kowola. Anakazindikira kansaluko asanawerame, pakuti anakasoka yekha m'mphepete. Mvunguti uja unali utada, wonyowa, katondo ali psuu. Unaikidwa mwaulemu, mowongoka, monga amaikira munthu chinthu chobwereka akamabweza. Kuchokera pamenepo mpaka pakhomo pa kanyumba ka zithunzi, pamame panali timapazi.

Tsache linagwa m'manja. Atathamangira kuchipinda anapeza Maligita thupi lili moto, mano akugundana, dzanja lija lili chitambasukire m'mbali mwa mphasa, lolimba ngati pali wina akulikoka. Anamubereka mpaka kuchipatala, anamubaya jekeseni, koma pobwerera mwanayo sankazindikiranso amayi ake.

Bambo Kanjuchi atabwera sanaukhudze mvungutiwo. Anauzungulira, anakhala pansi, anapichira fodya, koma machesi anakana kuyaka m'manja mwawo. Kenaka analowa m'kanyumba muja n'kuima kutsogolo kwa chithunzi.

"Wabweza," anatero. "Ine ndinamuuza kuti mnzake ali pambali pake. Inu a Mtambalika mwamuonetsa kuti ndinanama. Ndipo simunalekere pomwepo, mwawagwiranitsa manja. Mwana wamwalira uja sangasiye dzanja limene bambo ake amupatsa."

"Tichiotche," anatero Esinati. "Pompano."

"Mukaotcha mwaotcha onse awiri, mayi. Mukachisiya pakhoma, mwana wodwalayu mawa safika madzulo. Njira ndi imodzi. Mudule pakati, podutsa m'manjamo. Mbali ya wakufa tikaikwirire kumanda kwake m'mawa dzuwa lisanatuluke, pamodzi ndi chimene wabwezachi. Mbali ya wamoyo itsale m'nyumba." Anatembenukira kwa Gelesomu. "Tsono musalakwitse. Mukakwirira mbali ya wamoyo, mwamupereka ndi manja anu. Ezelina ndi uti apa?"

Gelesomu anasendera kuchithunzicho. Anayang'ana wakumanzere, anayang'ana wakumanja. Analoza, n'kubwezanso chala.

"Inu, yankhani," anatero Esinati. Anakankha mwamuna wake n'kuyandikira yekha, kufuna kachipsera ka pansidze. Nsidze zonse zinali zosalala. "Chipsera cha Maligita chili kuti?"

"Ndinachifufuta." Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chitsime. "Chinkaipitsa nkhope."

"Nanga zithunzi zoyamba zija? Filimu?"

"Ndinadula zonse. Zotsala ndinaotcha, zinali zolakwika. Poyamba Ezelina anali kumanja. Koma kuwala sikunkagwirizana, ndiye ndinatembenuza. Kenaka ndinatembenuzanso. Kenaka..." Anagwira mutu ndi manja onse. "Sindikudziwa, amake Maligita. Ndinkafuna kuti pasaoneke kusiyana kulikonse."

Esinati sanamukalipire. Mkwiyo wake unapitirira pamene munthu amakalipa. Anatsitsa felemu ija, anaimenyetsa pansi galasi n'kumwazika, nasolola chithunzicho. Ndipo mundikhulupirire, munthu uja, mwana wake ali kuthatha kunyumba kuja, anatambasula dzanja n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono, mungachikande."

"Tulukani," anatero Esinati. Bambo Kanjuchi anamugwira mkono mwamunayo n'kutuluka naye.

Anakhala yekha pampando wandalema, chithunzi pamiyendo, lumo m'manja, dzuwa likupendeka. Ana amenewa anawanyamula m'mimba, anawayamwitsa wina bere ili wina ilo. Mumdima ankawadziwa ndi kapumidwe kokha. Koma pepala silipuma. Anakumbukira kuti Maligita ndi wolimba mtima, amayang'ana munthu m'maso chibwano chili m'mwamba, pamene Ezelina anali wamanyazi, wokonda kugwetsa phewa. Pachithunzipo wakumanja anakweza chibwano pang'ono. Koma atayang'anitsitsa anaona timizere ta pensulo pansi pa chibwanocho, ndipo wakumanzerenso anali nato. Panalibe malo amene dzanja la mwamuna wake silinafikepo.

Anapemphera. Anaitana ana ake ndi maina, koyamba kuwatchula motsatizana chichitikireni maliro. Kuchipinda chamdima, kuseri kwa chitseko chotseka, kunamveka madzi akuchita thapwithapwi m'mbale, ngati kamwana kakuviikamo zala. Esinati sanacheuke. Anayang'ana maso a ana awiriwo mpaka ake anayamba kuwawa, ndipo kunja kukuchita mdima zinamuonekera kuti wakumanzere akumuyang'ana mwachisoni, ngati munthu wotsanzika. Anadziuza kuti mayi sangasokoneze ana ake. Anadziuza kawiri, katatu.

Anaika lumo pakati pa zala zopiringizana zija n'kudula. Kunyumba kuja Maligita anakuwa kamodzi, mokweza, kenaka kunangoti zii. Esinati atathamangirako anapeza mwana akupuma, ndipo dzanja lija linali litagwera pachifuwa, lofewa.

Tambala woyamba atalira ananyamuka ndi bambo Kanjuchi, iwo atanyamula khasu ndi mvunguti m'thumba, iye mbali yakumanzere ya chithunzi ataimanga pansonga ya chitenje. Gelesomu anatsala akuyang'anira wodwala. Kumanda kunali nkhungu, ndipo mbalame sizinkalira. Mtumbira wa Ezelina unali utamera udzu, koma chakumutu kunali kadzenje kongokwana mkono wa mwana, dothi lake litatulukira kunja. Bambo Kanjuchi anakuza kadzenjeko ndi khasu, analowetsamo mvunguti, kenaka anatambasula dzanja.

Esinati anamasula mfundo. Anayang'ananso kankhope kaja komaliza, ndipo mtima unamuuza kuti abweze, akatenge mbali inayo. Koma mtima womwewo ukanamuuzanso chimodzimodzi akanabweretsa inayo. Anapereka.

"Iwe mwana," anatero bambo Kanjuchi atagwada, "kwanu ndi kuno tsopano. Dzanja lija talidula. Gona, usatsatenso anthu." Anakwirira, anapondaponda, ndipo anabwerera osacheuka.

Akuyandikira kunyumba dzuwa linali litatuluka. Esinati anaona Gelesomu ataima pabwalo akuwakodola ndi manja onse, nkhope ili ngwee. Pakhonde, padzuwa, panakhala mwana, atafunda bulangete, maso ali tcheru.

"Wadzuka! Thupi lazizira! Akufuna phala!"

Esinati anathamanga ngati mtsikana. Anamukumbatira mwanayo, anamugwira pachipumi, m'khosi, m'manja. Manja onse anali ofunda. Analira, anaseka, anagwada kuthokoza bambo Kanjuchi, ndipo mkuluyo fodya wake anayaka tsopano. Moto unakolezedwa msangamsanga. Phala litapsa, mwana analandira mbale n'kuyamba kudya, osadikira kuti lizizire, sipuni pambuyo pa sipuni, ngati munthu amene sanaone chakudya miyezi yambiri.

"Pang'onopang'ono, Maligita, upsa pakamwa," anatero Esinati akumusisita kumsana.

Mwanayo anaima kudya. Anayang'ana amayi ake chammbali, mwamanyazi, n'kuseka pang'ono.

"Amayi, inunso mwayamba kutisokoneza ngati ababa? Ine ndine Ezelina."

Fodya wa bambo Kanjuchi anagwa pansi. Gelesomu anatsamira khoma n'kutsetsereka mpaka kukhala padothi.

"Nanga Maligita?" Esinati sanawamve mawu ake omwe.

"Watsala kuja. Mwamubweretsa nokha m'mawa uno. Amalira, akuti sakuzolowera, koma ndamuuza kuti azolowera." Mwanayo ananyambita sipuni, nakweza mbale ndi manja awiri. "Ndionjezereni, amayi. Kuja sitidya."

Esinati anayang'ana njira ya kumanda imene anali atangodutsa kumene, mapazi ake akuonekabe pamame. Anayang'ana bambo Kanjuchi, ndipo iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono, maso ali pansi. Mbale inali chikwezekere patsogolo pake. Anatenga chipande ndipo anamuonjezera, pakuti uyunso anali mwana wake.